Mawu a M'mawa: Uchi Wokukwanira

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Miyambo 25:16, pomwe mawu akuti: wapeza uchi kodi? Idya wokukwanira, kuopa kuti ungakukole n'kusanza.

Lachitatu lapitali titaweruka ku mapemphero a amayi ku Area 25, tinaima pasiteji kudikira minibasi. Mayi wina amene ndimamulemekeza kwambiri anatulutsa m'chikwama kapaketi konyezimira, ka timabala tija amati snack bar, topangidwa ndi oats, mtedza ndi zipatso zouma, timene tadzaza m'masitolo akuluakulu a m'tauni muno. Achipatala anawauza mayiwa kuti achepetse thupi chifukwa BP yakwera ndipo shuga wayamba kusuntha. Iwo anamvera. Maswiti anasiya, mandasi anasiya, zoziziritsa kukhosi za m'botolo anasiyanso. Koma timabalati amadya tiwiri tsiku lililonse. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, izi si maswiti eti? Pajatu alembapo kuti ndi za oats ndi uchi."

Sindinafulumire kuyankha. Ndinawapempha kuti titembenuze paketi tione kumbuyo, kumene kuli timalemba ting'onoting'ono timene ambirife sitiwerenga. Pamzere wa shuga panalembedwa magalamu 12 pa kabala kamodzi. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula pafupifupi magalamu 4 a shuga, ndiye kuti m'kabala kamodzi munali masupuni atatu, m'tiwiri munali asanu ndi imodzi. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, ndipo linati n'kwabwino koposa kutsika mpaka magalamu 25. Timabala tiwiri tokha tinali titawafikitsa kale pa 24, tisanawerengere shuga wa mu tiyi wa m'mawa ndi wa m'phala.

Mayiwa anati, "Koma si shuga, ndi uchi." Apa m'pamene ambiri timagwera. Pa malangizo omwewo uchi, manyuchi ndi madzi a zipatso ofinya amawerengedwa pamodzi ndi shuga wa m'paketi wochokera ku Dwangwa kapena ku Nchalo. Pa mapaketi ena sadzalemba n'komwe mawu akuti shuga poyambirira, adzalemba glucose syrup, dextrose, maltose kapena molasses. Thupi silidziwa kuwerenga Chingerezi, limangolandira chimene chalowa. Ndipo dziwani kuti zinthu zimene zaikidwa m'chakudya zimalembedwa motsatana kuyambira chochuluka kwambiri, choncho mukaona mayina amenewa pamalo oyamba, achiwiri kapena achitatu, chimene mwagwira m'dzanja chili pafupi ndi siwiti kusiyana ndi phala. Chikakhala chokutidwa ndi chokoleti pamwamba, funso latha. Ndinene mwachilungamo kuti alipo ma snack bar ena a mtedza wambiri ndi shuga wochepa, amene amagwira m'mimba ndithu. Koma simungawadziwe poona chithunzi cha kutsogolo.

Mtima wanga wakhala pa nkhope ya mayi uja kuyambira tsiku limenelo. Sanali kufuna kunama. Anali kufuna kuti wina awauze kuti chimene amachikonda chili ndi dzina labwino, kuti apitirize ndi mtendere. Ineyo ndinadziona mwa iwo. Zilipo zinthu m'moyo wanga zimene ndinazisiya ndi dzina lake loyamba n'kuzilandiranso ndi dzina latsopano. Miseche ndinaileka, koma ndimatha kuyamba ndi mawu akuti "tiwapempherere anzathu aja," kenaka n'kufotokoza zonse za m'nyumba mwawo zimene palibe amene anandituma. Wina mu ofesi salandira chiphuphu, amalandira "ya fanta." Wina sasunga mangawa, akuti "ndangomutalikira pang'ono," koma papita zaka zitatu osapatsana moni ndi mchemwali wake wa bere limodzi. Yesaya 5:20 akulira tsoka kwa amene amatcha choipa chabwino ndi chabwino choipa, amene amaika chowawa m'malo mwa chotsekemera. Yakobo nayenso akutichenjeza kuti tikhale ochita mawu, osati ongomva chabe n'kumadzinyenga tokha. Munthu wina akakunyenga, tsiku lina umadzazindikira n'kudandaula. Ukadzinyenga wekha umagona tulo tabwino pamene chinthu chikukudya m'kati ngati nankafumbwe m'nkhokwe.

Komano tisathamangire kumbali inayo, chifukwa nakonso kuli dzenje. Baibulo silinatche uchi tchimo. Pa Miyambo 24:13 mawu akuti mwananga, idya uchi pakuti ndi wabwino. Kumbukiraninso Yonatani pa 1 Samueli 14. Bambo wake Sauli analumbiritsa asilikali kuti asadye kanthu mpaka madzulo, ndipo anthu analefuka ali pankhondo. Yonatani sanamve lumbirolo. Anatosa nsonga ya ndodo yake m'chisa cha uchi, anaika pakamwa, maso ake anayera. Chimene chinasautsa anthu tsiku limenelo linali lamulo louma la Sauli. Ndimaona alongo ena akamachepetsa thupi amadziikira malumbiro otere, osadya tsiku lonse, kenaka usiku n'kugwera mbale zitatu, m'mawa n'kudzuka ndi manyazi ngati achimwira Mulungu. Ayi abale, si choncho. Mnyamata wa kabaza amene wapalasa kuyambira mbandakucha, thupi lake lidzaugwiritsa ntchito shuga uja. Munthu wa matenda a shuga amene amabaya jakisoni, shuga akamutsikira n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, chotsekemera chimamupulumutsa, ndipo achipatala amamuuza kuti aziyenda nacho. Koma ine amene ndikhala pampando mu ofesi ku City Centre kuyambira 8 koloko mpaka 5, muyeso wanga ndi wina. Vesi lathu likunena za uchi wokukwanira iwe, osati wokwanira mnzako.

Ndiye ndinawayankha mayi aja kuti kabala kamene kanali m'dzanja mwawo akawerenge ngati siwiti. Akafuna kudya adye, kamodzi pa nthawi, akudziwa chimene akudya, athokoze Mulungu. Chimene sindikanatha kuchita ndi kuwauza kuti ndi mankhwala. Tinakambirananso za m'thumba, pakuti ndalama ya timabala tiwiri ingagule mtedza wa masiku angapo pamsika. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, nthochi, gwafa, mbatata yophika, chimanga chootcha m'nyengo yake: zonsezi Mulungu anatipatsa pano pomwe, zilibe paketi yonyezimira, ndipo zimatenga nthawi m'mimba. Nazonso zili ndi muyeso wake, mtedza makamaka, poti uli ndi mafuta ambiri.

Minibasi itafika anabweza kabala kaja m'chikwama osatsegula. Anangoti, "Ndikapita nako kuchipatala Lolemba, akaone okha."

Tipemphere. Atate, Inu mumaona za kumbuyo kwa paketi ya mtima wanga, zimene ndazilemba ndi timalemba ting'onoting'ono kuti anthu asawerenge. Ndipatseni kulimba mtima kuti lero ndizitchule ndi mayina ake enieni pamaso panu. Kumbukirani mayi uja pa ulendo wake wa Lolemba, ndi onse amene adzuka m'mawa uno kukaima pamzere wa shuga ndi BP m'zipatala za mu Lilongwe muno. Kumbukiraninso amene funso lawo lero si la maswiti, koma loti ana adya chiyani masana. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.