Mneni wa Chisipanishi pokamba zomwe zinachitika n'kutha

Omvera athu, khalani ndi pepala ndi cholembera pafupi, chifukwa izi zimalowa m'mutu mukamalemba ndi dzanja lanu. Tikuona nthawi imene eni chiyankhulochi amaitcha pretérito indefinido, ya zinthu zomwe zinachitika n'kutha, monga dzulo kapena chaka chatha.

M'Chichewa wochita chinthu timamumva kumayambiriro kwa mneni: ndinalankhula, unalankhula, tinalankhula. Chisipanishi chimamuika kumathero. Choncho khutu lanu lidikire kumchira kwa mawu.

Aneni ake ali m'magulu atatu: othera ndi ar, er ndi ir. Tiyambe ndi hablar, kutanthauza kulankhula. Dulani ar, patsale habl. Limeneli ndiye tsinde, musalikhudzenso. Tsopano lumikizani. Ine, hablé. Iwe, hablaste. Iye, habló. Ife, hablamos. Inu ambiri, hablasteis. Iwo, hablaron. Mathero okhawo ndi awa: é, aste, ó, amos, asteis, aron.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Pa hablé ndi habló pali kamzere kopendekeka pamwamba pa lembo lomaliza, eni ake amati tilde. Kamzereko kakukuuzani kuti mugogomeze mawu pamenepo. Mvetserani: HAblo ndi ndimalankhula, haBLÓ ndi analankhula. Malembo ndi omwewo, koma munthu wasintha, nthawi yasinthanso. Kwa ife izi si zachilendo: mtengo wa mango wobzala pakhomo ndi mtengo wa shuga pamsika timazisiyanitsa ndi kamvekedwe. Ndiye ngakhale pa WhatsApp musachite ulesi, kanikizani lembolo pafoni mpaka kamzereko kaoneke.

Magulu a er ndi ir ndi opepuka, amagwiritsa ntchito mathero amodzi. Tengani comer, kudya: comí, comiste, comió, comimos, comisteis, comieron. Vivir, kukhala, chimodzimodzi: viví, viviste, vivió, vivimos, vivisteis, vivieron.

Chenjerani ndi mathero a ife. Hablamos ikhoza kukhala timalankhula kapena tinalankhula, vivimos nayonso choncho. Chimakumasulani ndi mawu a nthawi: ayer ndi dzulo, anoche ndi usiku wathawu. Mukati ayer hablamos, palibenso wofunsa. Gulu la er lokha ndilo limasiyanitsa: comemos timadya, comimos tinadya.

Polemekeza munthu wamkulu nenani usted, koma mneni atenge mathero a iye. ¿Comió usted? Kodi munadya, bambo? Ponena za hablasteis ndi comisteis, zimenezi mudzazimva ku Spain. Ku Mexico, Colombia kapena Argentina polankhula ndi anthu ambiri amawatchula ustedes, ndipo amati ustedes hablaron, ustedes comieron.

Musaike s kumapeto kwa hablaste. Mudzamva ngakhale eni ake ena akuti hablastes, potengera nthawi zina za mneni zomwe mathero a iwe amakhala ndi s kumapeto, koma pamayeso aphunzitsi adzakuchongerani cholakwa.

Aneni monga pensar, kuganiza, ndi volver, kubwerera, amasintha tsinde pa nthawi yatsopano: pienso, vuelvo. Kusinthako musabwere nako kuno. Ndi pensé, volví, basi.

Palinso aneni othera ndi car, gar ndi zar. Awa amasintha kalembedwe pa ine pokha. Buscar, kufunafuna, imakhala busqué, chifukwa c ikakumana ndi e siimvekanso ngati k. Llegar, kufika, imakhala llegué: u ameneyo satchulidwa, ntchito yake ndi kusunga g kuti amveke monga mu galu. Empezar, kuyamba, imakhala empecé, z n'kusanduka c. Mukachoka pa ine, bwererani kutsinde lakale: buscaste, llegó, empezaron. Leer, kuwerenga, nayo ili ndi kake: i akagwera pakati pa malembo awiri a liwu amasanduka y, ndiye lembani leyó ndi leyeron.