Kachilembo ka "s" komwe kamadyetsa ophunzira malikisi

Mwaswera bwanji omvera athu kuno ku Blantyre, makamaka inu a Folomu 2 ndi a Folomu 4 amene mayeso a MANEB akukununkhirani. Kope ndi cholembera zikhale pafupi, chifukwa lero tilemba. Nkhani yathu ndi kugwirizana kwa mwininkhani ndi mneni m'Chingerezi. Mukudziwa kale kuti satifiketi ya MSCE sapereka kwa munthu amene walakwa Chingerezi, ndipo pa chimangirizo cholembera chofiira cha wochonga chimakonda kugwera pamenepa.

Musachite mantha, zimenezi mumazichita kale m'Chichewa tsiku lililonse. Mumati chimanga chapsa, nthochi zapsa, mango apsa. Ngakhale mwana wa zaka zitatu wa ku Ndirande sanganene kuti chimanga zapsa. Chichewa chili ndi agwirizanitsi ambirimbiri ndipo simusokoneza. Chingerezi pa nthawi ya tsopano chimangofuna kachilembo kamodzi, "s", koma ndi komwe kamatipunthwitsa.

Lembani izi. Mwininkhani akakhala munthu mmodzi kapena chinthu chimodzi, chomwe mungachitchule kuti "he", "she" kapena "it", mneni amatenga "s". Akakhala "I", "you", "we" kapena "they", mneni amakhala wopanda kanthu. Ziganizo ziwiri izi muzilembe chimodzi pamwamba, china pansi: "The minibus stops at Ginnery Corner." "The minibuses stop at Ginnery Corner." Mwaona? Dzina likatenga chizindikiro cha zambiri, mneni amachitaya. Ambiri amaganiza kuti poti maminibasi ndi ambiri, mneni nayenso achuluke, ndiye amalemba "the minibuses stops". Cholakwika n'chimenecho. Pa dzina "s" imatanthauza zambiri, pa mneni imatanthauza chimodzi. Koma samalani ndi mayina ochuluka opanda "s", monga "children", "women" ndi "people". Timati "the children play", osati "plays".

Kalembedwe kake ndingodutsamo. Aneni monga "pass", "wash", "teach", "fix" ndi "go" amatenga "es". "Carry" amasanduka "carries", koma "play" amangokhala "plays" chifukwa "y" yake yatsamira pa "a". "Have" amasanduka "has". Pa nthawi yakale mupume, poti "went" ndi "went" kwa aliyense. Okhawo ovuta ndi "was" ndi "were".

Tsopano pamene pagona nkhani. Ziganizo za pa mayeso sizikhala zazifupi ngati zimene ndatchulazi. Amaika mawu ena pakati pa mwininkhani ndi mneni, dala, kuti diso lanu ligwire dzina lomwe layandikira. Lembani ichi, musiye mpata: "The price of tomatoes at Limbe market", mpata, "gone up." Muika "has" kapena "have"?

Njira yake nayi. Pezani mneni kaye, mumulembe mzere kunsi. Kenaka dzifunseni m'Chichewa momwe: chakwera n'chiyani? Matimati sanakwere, ali pa benchi pomwepo. Msika wa Limbe nawo uli pomwe unali. Wakwera ndi mtengo. Ndiye tengani chala, muphimbe mawu onse oyambira pa "of" mpaka pa "market". Chatsala ndi "The price", mpata, "gone up". Chotsani "the price", muikepo "it", muwerenge mokweza: "it has gone up". Yankho latuluka lokha. Chala chimenechi chimagwira ntchito nthawi zambiri pomwe mwaona "of", "in", "at", "with", "as well as" kapena "together with". "The teacher, together with her pupils, is in the hall." Ana aja angoperekeza, mwininkhani ndi mphunzitsi. Koma mukaona "and", pamenepo awiriwo aphatikizanadi: "the teacher and her pupils are".

Chimodzimodzi "one of". Pa minibasi mumamva anthu ophunzira bwino ndithu akuti "one of my friends are". Phimbani "of my friends", chitsale "one". Mmodzi ndi mmodzi basi: "one of my friends is".

Pali misampha ina yomwe imachokera m'Chichewa chathu chomwechi, ndipo mabuku olembedwa kunja saitchula kawirikawiri. Woyamba ndi ulemu. Ife timati agogo akudwala, amayi apita kuchigayo, ngati anthuwo ndi ambiri. Wophunzira wamakhalidwe abwino amanyamula ulemuwo n'kulemba "my grandmother are sick". Chingerezi sichipereka ulemu pa mneni, chimangowerenga mitu. Agogo ndi mmodzi, "is". Ngakhale a mfumu, ngakhale a bishopu, "is". Simunatukwane munthu.

Wina ndi zinthu zomwe ife timaziona zambiri pomwe Chingerezi chimaziyesa mulu umodzi. Timati ndalama zatha, madzi asiya, nkhani zafika. M'mutu mwathu "za" uja amakoka "are". Koma "money", "water", "news", "luggage", "furniture", "advice", "information" ndi "equipment" zonse zimayenda ndi "is" kapena "has". "The money is finished." "The news is good", ngakhale "news" yathera ndi "s". "Mathematics is difficult" chimodzimodzi. Ndalama zikatchulidwa ngati mtengo wa chinthu zimakhalanso chimodzi: "Five thousand kwacha is enough." Kwinaku zinthu zatembenuka. Buluku ndi limodzi, sizasi ndi imodzi, koma iwo amati "my trousers are" ndi "the scissors are". Apolisi nawo ndi "the police are". Mawu amenewa alibe lamulo loti mungawapezere, aloweni pamtima. Tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu, mulembe mzere pakati, a "is" mbali ino, a "are" mbali inayo, ndipo muziwonjezera mukakumana ndi atsopano.

"Everyone", "everybody", "each" ndi "nobody" apa Chichewa chikuthandizani. Timati aliyense wafika, sitinena kuti aliyense afika. Ndiye "everyone has arrived", ngakhale holo yadzaza.

Cholakwika china chimagwira amene lamulo la "s" alimvetsa mopitirira. Amalemba "does she goes" kapena "he doesn't knows". Chiganizo chimodzi sichilipira kawiri. "Does" wanyamula kale "s", ndiye mneni wotsatira akhale wopanda kanthu: "does she go", "he doesn't know". Pambuyo pa "can", "will", "must" ndi "should" palibenso "s": "she can swim".

"Either" ndi "or", "neither" ndi "nor", apa dzina loyandikira mneni ndilo limalamula. "Neither the driver nor the passengers were hurt." Mukatembenuza kuti dalaivala akhale kumapeto, mulemba "was". Chiganizo chikayamba ndi "there", mwininkhani ali kutsogolo, musuzumireni kaye: "there is a queue", "there are many vendors at Wenela". Ndipo "a number of pupils are", koma "the number of pupils is", chifukwa pachiwiripa tikukamba za nambala yeniyeniyo. Za "team" ndi "family" musataye nazo tulo. Chingerezi cha ku Britain chimalola zonse ziwiri, koma pa mayeso lembani "is" pokhapokha ngati mukukamba za anthuwo mmodzimmodzi.

Ntchito ya madzulo ano nayi. Tengani chimangirizo chanu chakale, ndime imodzi yokha. Mneni aliyense mumulembe mzere kunsi, mukoke kamuvi kuchoka pa iye kukafika pa mwininkhani wake, pamwamba pa mwininkhaniyo mulembe "it" kapena "they", kenaka muwerenge mokweza. Tsiku la mayeso musunge mphindi zisanu zomaliza kuti muchite zomwezi ndi chala musanapereke pepala.