Wosuta chamba angaikidwe chiwindi china?

Moni abale anga a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi konse kuno ku Harare. Lero tikambirane za fodya wamkulu ndi munthu amene chiwindi chake chatheratu, kaya chifukwa cha hepatitis B kaya kachasu, moti madokotala akuti afunika kumuika china.

Odwala otere amapita kunja, kawirikawiri ku India kapena ku South Africa, kuzipatala ngati Wits Donald Gordon ku Johannesburg ndi Groote Schuur ku Cape Town. Ziwindi n'zochepa, ndiye asanakulembeni pamndandanda wa odikira chiwindi amakufufuzani kwambiri: magazi, mtima, nkhani ya mowa, nthawi zina ndi mkodzo womwe. THC, chinthu chija chimaledzeretsa m'chamba, imabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo kwa munthu wosuta tsiku lililonse imaonekabe mumkodzo patapita masabata angapo. Kusiya Lolemba kuti mukayezedwe Lachisanu sikuthandiza.

Zipatala sizigwirizana pankhaniyi. Zina zimakana wosuta, zina zimati ayambe wasiya. Ku California anakhazikitsa lamulo mu 2015 loletsa kukaniza munthu chiwalo pachifukwa chokha choti amagwiritsa ntchito chamba ngati mankhwala. Kuno ku Zimbabwe boma linalola kulima chamba cha mankhwala ndi kafukufuku mu 2018, kwa okhawo okhala ndi laisensi, koma kusuta ukadali mlandu. N'chifukwa chake odwala amabisa, ndipo kubisako ndiko kumandidetsa nkhawa kuposa chambacho.



Taonani. Akakuikani chiwindi, thupi limachiona ngati mlendo ndipo limafuna kuchikana. Pofuna kuletsa zimenezi mumamwa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi moyo wanu wonse, makamaka tacrolimus. Mlingo wake ndi wovuta: akachepa m'magazi chiwindi chimakanidwa, akachuluka amawononga impso, manja amayamba kunjenjemera. Tsono CBD, chinthu china chimene chili m'chamba komanso m'timabotolo ta mafuta timene anthu akugula, imachedwetsa chiwindi kugaya tacrolimus. Mankhwala amaunjikana m'magazi wodwala akumwa mlingo womwewo. Dokotala amene sakudziwa za kabotolo kaja amangodabwa kuti impso zikufookeranji. Wodziwa amayeza magazi pafupipafupi n'kusintha mlingo.

Palinso chuku. Masamba a chamba amatha kukhala ndi chuku chotchedwa Aspergillus. Munthu wathanzi akachikoka ndi utsi nthawi zambiri thupi limathana nacho, koma kwa amene chitetezo chake chatsitsidwa chimatha kumera m'mapapo n'kumupha.

Ndikudziwa kuti ena sasutira chisangalalo. Matenda a chiwindi amabwera ndi mseru, kusowa tulo, kusafuna chakudya, ndipo munthu amafuna mpumulo. Sindikuwaweruza. Koma zimenezo muuzeni dokotala, ali ndi njira zina zothandizira. Kumbukiraninso kuti nthawi zina wopereka mbali ya chiwindi amakhala mwana wanu kapena mlongo wanu, amene wavomera kung'ambidwa pamimba chifukwa cha inu.

Ngati odwalawo ndi amalume kapena abambo anu, pitani nawo limodzi, munyamule chilichonse chimene amamwa kapena kusuta, ngakhale mankhwala azitsamba. Ndipo musanagulitse galimoto kapena puloti kuti mupeze ya ndege, pemphani dokotala wanu alembere chipatala chakunjacho, afunse ngati chimalandira wosuta chamba komanso kuti ayenera kukhala atasiya kwa miyezi ingati.