Tsatirani njinga: kusanthula filimu ya William Kamkwamba m'kalasi

Moni nonse, makamaka inu a kusekondale amene aphunzitsi akupatsani ntchito yosanthula filimu. Ndikudziwa zimene ambiri mwakonzeka kulemba: kunali mnyamata wina, kwawo kunagwa njala, anamuthamangitsa kusukulu chifukwa cha fizi, kenako anapanga makina oyendera mphepo, anthu n'kupulumuka. Kumeneko ndi kubwereza nkhani, ndipo aphunzitsi anu nkhaniyo akuidziwa kale. Kusanthula kumayamba mukafunsa kuti: ichi ndikuchionachi anachiika apa ndani, ndipo amafuna kuti ine ndimve chiyani?

Lero tiyesera pa filimu yakwathu konkuno, The Boy Who Harnessed the Wind. Inatuluka mu 2019 pa Netflix, anaijambulira ku Kasungu, ndipo amene analemba ndi kuitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso akusewera ngati bambo ake a William, a Trywell Kamkwamba. Nkhaniyi anaitenga m'buku limene William analemba pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009.



Choyamba onani mmene anaigawira. Ili ndi zigawo zisanu, ndipo mitu yake ndi ya Chichewa: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala, Mphepo. Mlimi aliyense akawerenga mitu itatu yoyambayo amadziwa chotsatira. Ukakolola umatuta, umadzaza nkhokwe, ana amakhuta. Koma apa pambuyo pa Kukolola pakubwera Njala. Kalendala ya mlimi yathyoka pakati, ndipo woonera akuzimva m'mimba wina asanalankhule. Ndiye mukamalemba za kayendedwe ka nkhani, musangowerenga kuti zigawo zilipo zisanu. Nenani kuti wolemba anabwereka chaka cha kumunda n'kuchisandutsa msana wa filimu, kenako anachithyola dala pamene tonse timayembekezera chakudya.

Tsopano pamene ndikufuna tikhalitsepo. Mukapatsidwa filimu iliyonse, sankhani chinthu chimodzi chogwirika ndi manja, muchitsatire kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mufilimu iyi tsatirani njinga.

Njinga zofunika zilimo ziwiri. Yoyamba ndi ya mphunzitsi wa sayansi, ndipo ili ndi dayinamo. Amene munakulira kumudzi mukukadziwa kabotolo kachitsulo kaja kokhala pambali pa tayala. Ukakakankha ndi chala, kamutu kake kamatsamira tayala, gudumu likamazungulira kamalira pang'ono, nyali n'kuyaka. Ukapalasa mwaulesi nyali imafiira ngati ikufuna kuzima, ukalimbikira imawala mbee. William akuona zimenezi, ndipo filimu sikutiyimitsa kuti itiphunzitse sayansi ndi choko pabolodi. Ikungotionetsa gudumu, nyali, ndi maso a mnyamata. Kuzungulira kukubala magetsi. Phunziro lonse lathera pomwepo, ndipo ngakhale agogo amene sanapondeko m'kalasi alimva.

Yachiwiri ndi ya a Trywell. Iyi ndiye mtima wa filimu. Pakhomo pamene chimanga chatha, mbava zalowa n'kusesa kotsalako, banja layamba kudya kamodzi patsiku, njinga ndi chuma chokhacho chimene chatsala. Ndi imene imapita kumsika, ndi imene bambo amayendera pofunafuna chakudya, ndi imene imawasiyanitsa ndi munthu amene alibe kalikonse. Ndiye mwana akubwera n'kunena kuti aidule kuti apangire makina amene palibe ndi mmodzi yemwe m'mudzimo anawaonapo.

Apa ophunzira ambiri amalakwitsa. Amalemba kuti bambo ndi wouma mtima, ndi mdani wa maphunziro. Bwererani koyambirira, muone nkhope yawo tsiku limene William wavala yunifomu yatsopano. Bambo ameneyu sukulu amaifuna. Akukana chifukwa akapereka njinga makinawo n'kukanika, ndiye kuti wapha banja lake ndi manja ake. Mwana akunena zoona, bambonso akunena zoona, ndipo njinga ndi imodzi. Kukangana kwabwino mufilimu kumakhala kotere. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti chilala sichingagonje kapena kupepesa, choncho wolemba anatenga nkhondo yolimbana ndi chilala n'kuilowetsa m'nyumba, pakati pa bambo ndi mwana wake, pamene munthu angathe kusintha maganizo. Njinga ikamadulidwa, sitikuona chitsulo chokha. Tikuona munthu wamkulu akuvomera kuti mwana wake akudziwa chinthu chimene iye sakuchidziwa.

Mukalemba ndime imodzi yokha yofotokoza zimenezi, mwapambana kale amene walemba masamba atatu obwereza nkhani.



Tibwere ku kakonzedwe ka malo ndi zinthu zooneka. Pa filimu pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kusankha chilichonse chimene kamera ione: nyumba, mipando, mbale, zolembedwa pakhoma, ngakhale zinyalala. Pa iyi anali Tulé Peake, ndipo wojambula anali Dick Pope. Njira yophunzirira ntchito yawo ndi yosavuta. Imitsani filimu pamalo amodzi, tsekani mawu, mulembe zonse zimene mukuona. Kenako pitani kutsogolo, mupeze malo omwewo, muimitsenso, mufananize.

Chitani zimenezi ndi munda. Koyambirira kuli kubiriwira, kenako mvula yosalekeza ndi matope, kenako fumbi lokhalokha lofiirira, ndipo anthu, zovala ndi nthaka zikuoneka ngati zapakidwa mtundu umodzi. Chitaninso ndi chakudya: onani kuchuluka kwa zimene zili m'mbale koyambirira, muonenso m'gawo la Njala. Palibe amene akulengeza kuti zinthu zafika poipa. Mbale ikunena yokha. Galu wa William, Khamba, nayenso akugwira ntchito yomweyo, chifukwa pakhomo pamene anthu akuwerengera nthongo, galu ndiye woyamba kusowa chake.

Ndipo taonani makina enieniwo. Akanawapanga osalala, onyezimira, filimu yonse ikanagwa. Ayenera kuoneka kuti atoledwa kudzala la zitsulo: mitengo yomangidwa ndi manja, mapaipi, mawaya, batire lakale, gudumu la njinga imene taidziwa kwa nthawi yaitali. Chidutswa chilichonse tinachionapo kale penapake mufilimu, n'chifukwa chake chikamazungulira timakhulupirira.

Za Gule Wamkulu ndingonena mwachidule. Akuoneka pamaliro a koyambirira, ndipo akubweranso nkhani ikamapita kumapeto. Dzifunseni ngati akuthandiza nkhani, kapena anaikidwa kuti maso a alendo asangalale. Mayankho onse awiri angathe kukhoza, bola mupereke umboni wochokera pa zimene mwaona.

Pali chinthu china chimene chingakweze ntchito yanu: kusiyana kwa filimu ndi zimene zinachitikadi. William anabadwa mu 1987, njala ija inali ya 2001 mpaka 2002, ndipo anapezadi buku lotchedwa Using Energy mulaibulale. Koma makina ake oyamba, aja ankawatchula kuti magetsi a mphepo, anayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo. Zopopa madzi zinadza pambuyo pake. Filimu yasintha zimenezi, yapangitsa kuti makinawo apope madzi m'chitsime n'kuthirira munda njala ili mkati. Musathamangire kulemba kuti ananama. Funsani chifukwa chake. Filimu imene yatha ola lathunthu ikutionetsa anthu akufa ndi njala singathere pa babu loyaka m'chipinda, chifukwa babu sadya. Funso linali njala, yankho linayenera kukhala madzi ndi mbewu. Komabe kusinthaku kuli ndi mtengo wake: kukuchititsa kuti zioneke ngati mnyamata mmodzi ndi amene anathetsa njala, pamene filimu yomweyo yationetsa mitengo ikugulitsidwa kwa a esiteti ya fodya, ndi mfumu ikumenyedwa chifukwa chonena zoona pamsonkhano wa ndale. Mavuto amenewo makina sanawakhudze. Lembani mbali zonse ziwiri, kenako munene pamene inu mwaima.

Chomaliza ndi chilankhulo, ndipo apa inu muli ndi khutu limene wosanthula wa ku London alibe. Ejiofor ndi wa ku Britain, Maxwell Simba amene akusewera William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga amene akusewera mayi ake anabadwira ku Senegal. Onsewa Chichewa anachita kuphunzira, ndipo zikumveka. Mvetserani Lily Banda, Mmalawi amene akusewera Annie, mlongo wake wa William, kenako mumvetsere enawo, mudzamva pamene mawu akukwera ndi kutsika molakwika. Ine ndimalemekeza kuti sanasankhe njira yapafupi yoti aliyense azingolankhula Chingerezi, koma sindibisa kuti pena ndimatuluka m'nkhani chifukwa cha katchulidwe. Onaninso kuti ndi pati pamene anthu akulankhula Chingerezi ndi pati pamene akulankhula Chichewa, m'kalasi kapena pakhomo, ndipo mudzifunse kuti zimenezo zikunena chiyani za sukulu.

Ntchito ya sabata ino nayi. Onerani filimuyi kawiri, kachiwiriko muli ndi kope pamwendo. Paliponse pamene njinga yaoneka, lembani mphindi yake, amene waigwira, ndi zimene zikuchitika. Mukafika kumapeto, werengani mndandandawo kuyambira pamwamba, musankhepo malo atatu, ndipo ndime yanu yoyamba iyambire pamenepo.