Guernsey si England, abale anga

Moni nonse, kaya muli pa shifiti ya usiku kaya mukutsuka mbale kuhotela. Lero mundipirire, mtima udakali m'mwamba. Loweruka lapitali mnzathu wina wa kuno pachilumba cha Guernsey, dzina ndisunga, anawoloka kupita ku England ku ukwati wa m'bale wake. Phwando lili mkati m'mimba munayamba kumupota mpaka kugwa pansi, ndipo usiku womwewo anamuchita opaleshoni. Kutacha, mayi wina wa muofesi ya chipatalacho anaima pambali pa bedi ndi mafomu. Pasipoti ya Malawi, adiresi ya St Peter Port, likulu la Guernsey. Mayiyo anangoti, ndinu mlendo, mulipira.

Anandiimbira mawu akunjenjemera. Ndinati achemwali, musasayine kanthu, tsegulani foni muwaonetse pepala lanu lokhalira pachilumba ndi la malipiro.

Inu amene mwangofika kumene, mvetserani. Kumudzi amati tili ku UK, ifenso timavomera chifukwa zimamveka bwino, ine ndemwe azakhali anga amalengeza kutchalitchi kuti mwana wawo ali ku London. Ndalama ndi mapaundi, mfumu ndi yomweyo, koma Guernsey ili ndi boma lake ndi misonkho yake, ndipo ili pafupi ndi France kuposa England. NHS, chithandizo chaulere cha zipatala za boma la UK, kuno kulibe. Kuonana ndi dokotala umalipira, ambulansi nayo imabwera ndi bilu yake. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinaseka, ndinati kwathu bola, chipatala cha boma n'chaulere, kungoti amakulembera kapepala kokagula mankhwala wekha.

Kale panali mgwirizano woti wa pachilumba akadwala ali ku UK athandizidwe, wa ku UK akadwalira kuno chimodzimodzi. Mu 2009 a ku London anauthetsa, ati tikuwonongerapo ndalama zambiri. Jersey, chilumba chinzathu chapafupi, inathamanga, pofika 2011 inali itasayina wina. Guernsey inatsala panja zaka zoposa khumi, agogo a kuno akuopa kukaona zidzukulu ku England chifukwa inshuwalansi ya munthu wokalamba siigulika. Watsopano unayamba pa 1 Januwale 2023. Mukudabwa kuchedwako? Kachilumba ka anthu osakwana 70,000 kukhala pa tebulo ndi dziko la anthu oposa 60 miliyoni, wofulumira ndi wamng'onoyo. Wamkuluyo ngakhale ataiwala fayilo mu kabati chaka chathunthu, tulo amagona.

Mgwirizanowu umayang'ana komwe munthu amakhala, ndiye mayi uja anapita kukafunsa akuluakulu ake, n'kubwerera akumwetulira ngati sanali iye. Bilu inafa pomwepo.

Koma apa ndipo ndikufuna kulalika, ndipo ndilalika ndithu. Mgwirizano umakuchiza, sukubweza kunyumba. Ndege yobwerera, malo ogona pamene dokotala wati usayende kaye, munthu wokuperekeza, zonsezo ndi thumba lako. Ndipo ndi wa matenda okugwera uli paulendo, si woti unyamuke dala kukachotsa dzino kwaulere. Ife Amalawi timagula suti ya ukwati, mphatso, nsapato zowala, koma inshuwalansi ya ulendo timati Mulungu alipo. Alipodi, koma tikiti ya mnzathuyu inapsa Lolemba, ndipo abwana ake, m'malo mofunsa kuti wadzuka bwanji, atumiza uthenga wofunsa amene agwire shifiti yake. Munthu ali ndi ulusi pamimba! Tikuigwira ife mosinthana, agogo amene amawasamalira asambitsidwa ndi kudyetsedwa bwinobwino, asatinamizire kuti ntchito yaima.

Tsopano pa gulu lathu la WhatsApp tikusonkha ya tikiti yatsopano kuti Lachisanu akwere. Ena mwatumiza kale, zikomo. Ena mwangoika timanja topemphera n'kuzimitsa data. Achimwene a ku St Sampson, musandiyese, ndakuonani pa Facebook dzulo ndi jekete latsopano, ndipo mawa ndikudutsa kwanuko ndikaweruka.