Woiwala dzina lake sanasiye kukhala munthu

Zikomo nonse chifukwa chobwera. Akumbuyoko senderani pafupi kuti timvane.

Nonse mwamva za agogo aja anapezeka usiku sabata yatha akugogoda pakhomo la eni ake atasokera. Dzina lawo sanathe kulitchula, ndiye anagona omangidwa manja mpaka kucha. Ine nditafika m'mawa ndinawapeza akunjenjemera, nsapato kuphazi limodzi, akufunsa aliyense ngati waona amayi awo. Chingwecho chinandiwawa, koma chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene ndinamva pamenepo: "Chigwireni chisathawe." Chigwireni! Munthu wa imvi tamutulutsa m'gulu la anthu, tamuika m'gulu la zinthu, ndi pakamwa pokha. Abale anga, musamatchule munthu ngati chinthu. Pakamwa pakayamba, dzanja limatsatira.

Kuiwala kotereku ndi matenda. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza mtundu wake umodzi mu 1906. Maselo a mu ubongo amafa pang'onopang'ono, zaposachedwa zimayamba kufufutika, zakale n'kumatsala. N'chifukwa chake agogowo ankafuna amayi awo amene anatisiya kalekale.

Tsono chimamupanga munthu kukhala munthu n'chiyani? John Locke, munthu woganiza mozama wa ku England, m'zaka za m'ma 1600, ankati chimene chimalumikiza iwe wa dzulo ndi iwe wa lero ndi kukumbukira. Ena amati ndi nzeru, ena kulankhula. Chabwino, nanga khanda la masiku awiri likumbukira chiyani? Amayi muli apa, ndani anadikira kuti mwana ayambe walankhula kenako n'kumuyamwitsa? Nanga m'bale wanu akakomoka m'chipatala, mumasiya kumutcha achimwene? Ndipo inu anyamata munajambula agogowo pafoni mukuseka, ndinakuonani. Zinandichititsa manyazi. Mufufute zithunzizo lero.

(Bambo wina: Pepani, nanga wopha mnzake? Si paja timati alibe umunthu?)

Mwafunsa bwino, bambo, khalani pansi ndiyankhe. Mawu ndi amodzi, koma nkhani ndi ziwiri. Pali umunthu wa khalidwe: chifundo, kumva chisoni mnzako akavutika, manyazi ukalakwa. Umenewu umaphunziridwa pakati pa anthu, paja kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Umakula, umachepa, wina amautayiratu. Tikati wakuphayo alibe umunthu tikunena umenewu, ndipo sitikunama. Koma pali ulemerero umene munthu amabadwa nawo, sachita kuugwirira ntchito. Pa 10 Disembala 1948, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha kumene, mayiko a United Nations anavomereza ku Paris chikalata cha ufulu wachibadwidwe, ndipo mfundo yake yoyamba imati anthu onse amabadwa aufulu ndi ofanana pa ulemerero. Onse, bambo. Taganizani: galu akaluma mwana, mumamutengera kukhoti? Ayi. Wakupha timamuzenga mlandu, timamupatsa mpata woyankha, chifukwa ndi munthu, ankatha kusankha. Chilango alandire ndithu, koma achilandire ngati munthu.

Ku Rwanda mu 1994, wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi inyenzi, kutanthauza mphemvu. M'masiku pafupifupi 100 anaphedwa anthu pafupifupi 800,000, ambiri ndi zikwanje, ena ndi anansi awo enieni. Wopha mphemvu samva kulakwa. Ndibwerezenso, musamatchule munthu ngati chinthu, kaya wadwala misala, kaya ndi wolumala, kaya mwamugwira akuba.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kunja, ndiye ndifulumire. Mukapeza munthu wosokonezeka, musamuzungulire, alankhule naye mmodzi, modekha. Mukhazikeni pansi, mufunditseni, musamumange. Afunseni anthu ngati akumudziwa, zikakanika itanani apolisi kapena azachipatala. Amene muli ndi okalamba oiwalaiwala kunyumba, asokereni kansalu m'chovala kolembedwa dzina ndi nambala ya foni, muwauzenso oyandikana nawo. Agogo aja ali kwa mwana wawo, m'manja mukadali zipsera. Amene akufuna kukapepesa atsale, tipite limodzi.