Golide Amene Anasanduka Madzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Yobu 23:10.

Kale ku Ulaya ndi kumayiko a Aarabu kunali akatswiri amene ankakhalira pa moto usana ndi usiku, kutcheza miyala ndi mchere wa mitundumitundu m'mabotolo a khosi lalitali. Nthunzi imakwera, n'kuzizira, n'kumadontha pang'onopang'ono, monga momwe kachasu amatchezedwera kumudzi. Golide ndiye ankawazunguza mutu. Chitsulo chimachita dzimbiri, siliva amasungunuka mu asidi, koma golide ayi. Cha m'ma 1300 anali atapeza madzi amene amamugonjetsa, ndipo pambuyo pake anawatcha aqua regia, kutanthauza madzi achifumu. Lero amawapanga posakaniza magawo atatu a hydrochloric acid ndi gawo limodzi la nitric acid.

Mu April 1940 asilikali a Hitler analowa mumzinda wa Copenhagen, ku Denmark. Pa malo a kafukufuku a wasayansi Niels Bohr panali mamendulo awiri a golide a mphoto ya Nobel, a asayansi a ku Germany Max von Laue ndi James Franck, olembedwa mayina awo. Kutulutsa golide mu Germany unali mlandu waukulu, choncho asilikali akanawapeza, eni ake akanakhala pa mavuto. George de Hevesy, wasayansi wa pamalopo, anawatenga n'kuwaika m'madzi achifumu aja. Golide sasungunuka msanga, de Hevesy anadikira ndithu. Chotsalira chinali madzi a mtundu wa lalanje, m'botolo pa shelefu pakati pa mabotolo ena ambirimbiri. Asilikali anafufuza monsemo, osalikhudza.

Apa ndi pamene mtima wanga wakhala m'mawa uno. Pali nyengo imene munthu umadziyang'ana osadzizindikira. Ntchito inatha, banja linagwedezeka, matenda anakudya thupi, dzina limene anthu ankalilemekeza linafufutika. Anzako akudutsa osakuona. Iwenso umayamba kukhulupirira kuti zako zinatha. Komatu m'botolo muja golide yense anali momwemo, ngakhale maso sankamuona. Yobu ali pa phulusa ananena kuti Mulungu akudziwa njira yake, ndipo akamuyesa adzatuluka ngati golide.

Nkhondo itatha, de Hevesy analipeza botolo lija pamalo pomwe analisiya. Anatulutsamo golide, ndipo ku Stockholm, ku Sweden, anasulanso mamendulo. Franck analandira yake mu 1952.

Atate, m'bale amene wadzuka lero akudziona ngati madzi oiwalidwa pa shelefu, mukudziwa pamene ali. Mugwireni dzanja kufikira tsiku limene mudzamusulenso. M'dzina la Yesu, Amen.